Maselo okana kufa: funso lochokera ku Bangula

Mai a mapasa, Bangula:
Mwaswera bwanji nonse. Pepani ndabwera ndi nkhani yolemera usiku uno. Akulu anga amene anandilera amayi atatisiya akhala akutaya magazi miyezi isanu, chonsecho anasiya kusamba kalekale. Amabisa. Amachapa nsanza usiku n'kukayanika kuseri kwa khola la mbuzi kuti ana asaone. Ine ndinazindikira pamaliro ena, atadzuka pamphasa n'kuona chitenje chawo kumbuyo. Lachiwiri ndinawakakamiza kupita kuchipatala. Anawayeza khomo la chiberekero, ndipo atitumiza ku Queens kuti akadule kanyama kakapimidwe. Adokotala anati mwina ndi khansa, akuti pali kachilombo kamene kanapha alonda a m'maselo awo. Ine ndinangogwedeza mutu koma sindinamve. Alonda ake ati? Chinanso, mapasa anga akwana zaka 9 ndipo abwera ndi kalata yochokera kusukulu ya katemera woteteza atsikana ku khansa ya khomo la chiberekero. Bambo awo akukana kusaina. Amene mukudziwa ndithandizeni.

Anesi, Nsanje:
Pepani kwambiri amayi. Tsiku limene akupatsanilo musaliphonye, ngakhale mvula igwe. Tengani buku lawo lakuchipatala ndi mankhwala onse amene akumwa. Kanyamako ndi kamene kadzanene zoona, panopa musayambe kulira maliro munthu ali moyo. Za alondazo tili naye mwana wathu wa ku Ngabu amene akuphunzira udokotala ku Blantyre. Lowa mwanawe, ufotokoze m'Chichewa chomveka.

Wa ku koleji:
Ndalandira anesi. Amayi pepani, Mulungu akulimbitseni. Ndiyamba patali pang'ono, mundipirire.

Thupi lathu linamangidwa ndi maselo, tinthu tating'ono tosaoneka ndi maso. Selo limakula n'kugawika kukhala awiri, ndiye m'mene mwana amakulira ndi m'mene bala limapolera. Chimene ambiri sitidziwa n'chakuti selo lililonse limabadwa litanyamula kale zida zodziphera lokha. Tsiku lililonse maselo mabiliyoni ambiri m'thupi mwanu amadzipha mwadongosolo. Selo limafota, limadziduladula m'timapukusi, anzake oyandikana nalo n'kutola timapukusito, popanda kutupa kapena mafinya. Mu 1972 akatswiri atatu a ku Aberdeen ku Scotland, John Kerr, Andrew Wyllie ndi Alastair Currie, anaitcha imfa imeneyi apoptosis, mawu a Chigiriki onena za kuyoyoka kwa masamba.

Aphunzitsi opuma, Chikwawa:
Ndionjezerepo zimene ndinkauza ana a Fomu 4. Madzi akaphwa m'madambo mumaona mbululu zili ndi michira, pakapita masabata zasanduka achule opanda mchira. Palibe anaudula. Maselo a mchirawo anadzipha okha nthawi itakwana. Inunso muli m'mimba mwa mayi anu dzanja lanu linali ngati chopalasira bwato, zala zogwirana. Maselo a pakati pa zala anafa, ndi chifukwa mukutha kugwira khasu. Bakha maselo amenewa sanafe onse, mapazi ake mumawaona.

Wodula nzimbe, Nchalo:
Ndiye kuti zili ngati moto umene timayatsa m'munda wa nzimbe tisanadule? Uja timayamba taona mphepo, n'kulambula m'mbali. Wosiyana ndi moto wolusa wa osaka mbewa.

Wa ku koleji:
Mwalasa achimwene. Selo likafa chifukwa chopsa kapena kuphwanyika limaphulika n'kuwononga anzake, umenewo ndiye moto wolusa. Apoptosis ndi moto woyatsa mwadala.

Tsopano alonda aja. Alondawo ndi mapuloteni, tinthu timene selo limapanga kuti tizigwira ntchito zake. Alipo ambiri, koma awiri ndi amene adokotala amanena. Woyamba ndi Rb. Ntchito yake ndi kugwira puloteni ina yotchedwa E2F, imene ikamasuka imayambitsa kugawika kwa selo. Tinene kuti Rb ndi chitseko cha khola. Chimatsegulidwa pokhapokha thupi latumiza uthenga kuti pakufunika maselo atsopano.

Wachiwiri ndi p53, amene anapezeka mu 1979. Uyu ndi wodabwitsa. Selo limamupanga nthawi zonse, komanso limamuwononga nthawi zonse patangopita mphindi zochepa. Womuwonongayo ndi puloteni yotchedwa MDM2, imene imamuika chizindikiro kuti akatayidwe. Choncho zinthu zikakhala bwino p53 sachuluka. Koma DNA, buku la malangizo a selo, ikawonongeka, MDM2 imamusiya, iye n'kuchuluka msangamsanga. Akachuluka amayamba waimitsa selo kuti lisagawike, kudzera mwa puloteni ya p21, kuti zowonongekazo zikonzedwe. Zikakanika kukonzeka amadzutsa mapuloteni akupha, monga Puma ndi Bax. Bax amaboola mitochondria, timatumba topanga mphamvu m'selo. Mukatuluka puloteni ya cytochrome c, imadzutsa ma caspase, amene ali ngati zikwanje, n'kuduladula selo lonse kuchokera m'kati.

Mai a mapasa, Bangula:
Mayina ndi ovuta koma ndikutsatira. Chitseko ndi mlonda. Nanga kachilomboko kamalowa pati?

Wa ku koleji:
Musanafike pa kachilombo amayi, pali chinthu chimodzi chimene ine chinandigwira mtima tsiku limene ndinachimva m'kalasi, ndipo ndikuona kuti ndicho mutu wa nkhani yonse.

Kukula ndi kufa si njira ziwiri zosiyana. N'zomangirirana. Mapuloteni amene amauza selo kuti gawika, monga E2F ndi ina yotchedwa Myc, ndi omwewonso amayamba kukonza imfa ya selolo. Akangochuluka mopyola muyeso amadzutsa puloteni ya ARF, ARF imagwira MDM2, ndipo p53 posowa womuwononga amachuluka n'kupha selo. Mu 1992 Gerard Evan ndi anzake ku London anaonetsa kuti ukakakamiza maselo kugawika ndi Myc, n'kuwamana uthenga wochokera kwa anzawo wakuti pitirizani kukhala ndi moyo, maselowo amafa m'malo mochuluka.

Ganizirani mbuzi yomangirira pachikhomo nthawi ya dzinja. Ikamadya modekha pamene yaikidwa, chingwe chimakhala cholefuka. Ikangoti ithamangire m'munda wa eni, chingwe chomwecho chimaithina pakhosi. Ikalimbikira kwambiri ndiye chimathinanso kwambiri. Selo lililonse lili ndi chingwe chotere. Ndiye kuti khansa iyambe sikokwanira kuti selo lifune kuthamanga, chingwenso chiyenera kuduka. N'chifukwa chake ngakhale tili ndi maselo osawerengeka amene akugawika usana ndi usiku, khansa sigwira aliyense.

Kachilombo ka HPV kamachita zonse ziwiri. Kuti kachulukane kamafuna selo limene likugawika, ndiye kamapanga puloteni yake ya E7 imene imagwira Rb. Chitseko chatseguka, E2F wamasuka. Pakanakhala E7 yekha, p53 akanazindikira n'kupha selolo, kachilombo n'kufera momwemo. Ndiye kamapanganso E6, amene amagwira p53 n'kumuika chizindikiro chokatayidwa, mothandizidwa ndi puloteni ya selo lomwelo. Chingwe chaduka. Selo limangogawika, zolakwika za mu DNA zikuunjikana chaka ndi chaka popanda woziona. Alonda amene adokotala amanena ndi awiri amenewa.

Amalume a ku Makhanga:
Mwanawe ndakumva. Koma pa wailesi ndinamva akuti khansa imayamba ndi majini. Kwathu kuno munthu akati majini timadziwa za mizimu. Tiuze bwino, anthu angapite kwa sing'anga chifukwa cha mawu amenewa.

Aphunzitsi opuma, Chikwawa:
Funso lofunika amalume, ndipo ana ambiri ankasokonezeka pomwepa. Majini a m'sayansi si mizimu ayi, mawuwa angofanana kamvekedwe. Ndi zigawo za DNA, malangizo amene timatengera kwa bambo ndi mayi, ouza selo kapangidwe ka puloteni iliyonse. Pali jini ya p53, pali jini ya Rb. Pafupifupi theka la khansa zonse za anthu, jini ya p53 imapezeka itawonongeka. Ya khomo la chiberekero ndi yosiyana pang'ono: nthawi zambiri jiniyo imakhala ili bwinobwino, selo likupanga p53 wabwino, koma kachilombo kakumudya akangopangidwa.

Mai a mapasa, Bangula:
Alamu anga anamwalira zaka 12 zapitazo ndipo akulu anga sanakwatiwenso. Anthu ayamba kale kunong'ona kuti matendawa awatenga kuti. Zikundiwawa.

Anesi, Nsanje:
Anthu amenewo akulakwa, ndipo muwauze akulu anu asadziimbe mlandu. HPV ndi kofala kwambiri moti pafupifupi aliyense amene anakhalapo pabanja anakumana nako, amuna ndi akazi omwe. Mwa anthu khumi, pafupifupi asanu ndi anayi thupi limakachotsa lokha pasanathe zaka ziwiri. Mwa ochepa kamakhalira. Kuchokera pamene kalowa mpaka khansa pamatenga zaka 15 mpaka 20. Kwa mayi amene chitetezo chake chatsika, monga amene ali ndi HIV koma sakumwa ma ARV, zimatha kutenga zaka 5 mpaka 10 zokha. Ndiye kachilombo ka akulu anuwo n'kutheka kanalowa kalekale, ali pabanja lawo lomwelo.

Zaka zimenezi ndi mwayi wathu ife anamwino. Tikapaka vinigala pakhomo la chiberekero, malo amene maselo ayamba kusokonekera amayera ngati papakidwa ufa. Pamenepo si khansa ayi. Timawotcha malowo ndi kachipangizo, mphindi zochepa, mayi n'kubwerera kwawo ndi miyendo yake. Chimene chimandipweteka n'chakuti amayi ambiri kuno amabwera magazi ndi fungo zitayamba kale. Musadikire kumva kupweteka. Poyamba sizipweteka.

Wa ku Joni:
Moni kumudzi. Kuno anthu akutumizirana uthenga wakuti masamba ena ake akawiritsa amapha maselo a khansa, akuti asayansi anayesa n'kuona apoptosis yomweyo mukunenayi. Bwanji ayambe kumwa zimenezo podikira ku Queens? Masamba sadula.

Wa ku koleji:
Achimwene ndikudziwa mukufunira zabwino, koma apa ndikana. Mauthenga amenewo amatenga zimene zinachitika m'mbale ya mu labu. M'mbale kupha maselo a khansa n'kosavuta, ngakhale mchere wambiri kapena sopo amawapha. Chovuta ndi kupha a khansa okha m'thupi la munthu wamoyo, impso ndi chiwindi n'kutsala zili bwino. Taonani puloteni ya Bcl-2, imene imaletsa Bax kuboola mitochondria. Inapezeka mu 1984. Mu 1988 David Vaux, Suzanne Cory ndi Jerry Adams ku Melbourne anaonetsa kuti siichititsa selo kugawika ayi, imangoliletsa kufa, ndipo ikakumana ndi Myc ndiye zinthu zimaipa. Mankhwala otseka Bcl-2, venetoclax, anavomerezedwa mu 2016, ndipo ndi a khansa zina za m'magazi basi. Zaka zoposa 30 kuchokera pa kupeza mpaka pa mankhwala. Si mitengo imene ndikunyoza, vincristine amene timapatsa ana a khansa anachokera ku kaduwa ka ku Madagascar. Koma anayezedwa mlingo wake. Masamba owiritsa sitidziwa mlingo wake, ndipo choopsa kwambiri n'chakuti munthu akayamba kumwa amati ndione kaye, mwezi n'kutha.

Wa ku Joni:
Ndamva. Ndimangoti ndithandize. Sinditumizanso.

Bambo a ku East Bank:
Za kuchedwazi ndilankhuleko, chifukwa zinandionekera. Mwana wa mlongo wanga ali ndi zaka 7 anatupa tsaya lamanzere. Tinati ndi dzino. Pachipatala china chaching'ono anatipatsa mankhwala a dzino, tinabwerera. Sabata isanathe mano a mbali imeneyo anayamba kugwedera, diso likukankhidwira kunja. Agogo ake anati walodzedwa, tinataya masabata atatu ndi mbuzi imodzi kwa sing'anga. Mwana ankalephera kutseka pakamwa, phala timamuthira ndi supuni m'mbali. Titafika ku Queens anati ndi Burkitt. Chimene sindinamvetse mpaka lero: atamuika mankhwala a m'diripi, masiku ochepa okha chotupa chija chinaphwa ngati chikho chobooka. Ankamumwetsa madzi ambiri usiku wonse. Lero ali Fomu 2. Zinatheka bwanji chinthu chachikulu chonchija kusungunuka msanga chotero?

Wa ku koleji:
Bambo, nkhani yanu ndi chitsanzo chenicheni cha chingwe chija. Khansa imeneyi anaifotokoza koyamba dokotala Denis Burkitt ku Uganda mu 1958, ndipo anaona kuti imapezeka kwambiri m'madera otentha a chinyezi, kumene malungo ndi ochuluka, ngati kwathu kuchigwa kuno. Mu 1964 m'maselo a chotupa chomwechi munapezeka kachilombo ka Epstein-Barr. Malungo obwerezabwereza amachititsa maselo ena oteteza thupi, ma B cell, kugawika kwambiri. Pogawikapo nthawi zina chidutswa cha mpukutu wa DNA wotchedwa chromosome 8, pamene pali jini ya Myc, chimaduka n'kukalumikizika pa chromosome 14, pamalo amene amakhala oyaka nthawi zonse. Myc sazimanso. Mwachibadwa selo lotere limayenera kufa, koma kachilombo ka Epstein-Barr kamatha kufooketsa mapuloteni akupha monga Bim, selo n'kupulumuka.

N'chifukwa chake chimakula mochititsa mantha, chimatha kuwirikiza kawiri pa tsiku limodzi kapena awiri. Koma Myc yemweyo amakhala akukokabe chingwe. Maselo amenewa amakhala ali m'mphepete mwa imfa nthawi zonse, moti ngakhale pa maikulosikopu timaona ambiri atafa kale pakati pa amoyo. Mankhwala ngati cyclophosphamide akangowononga DNA yawo, amagwa onse pamodzi. Madzi ambiri aja anali oteteza impso, chifukwa maselo ochuluka akafa nthawi imodzi zinyalala zake zimatha kutseka impso.

Bambo a ku East Bank:
Takhuta mwanawe. Zaka zonsezi palibe anandiuzapo chonchi.

Mlimi wa thonje, Ngabu:
Ine funso langa ndi la chakudya. Freddy atadutsa mu 2023 chimanga cha anthu ambiri chinanyowa m'matumba. Tinayanika, china chinali chobiriwira m'kati, tinagayitsa chomwecho chifukwa njala inalipo. Alangizi amati chuku chimayambitsa khansa. N'zogwirizana ndi p53 ameneyu?

Aphunzitsi opuma, Chikwawa:
N'zogwirizana kwambiri achimwene, ndipo umboni wake unachokera kufupi ndi kwathu. Nkhungu ya Aspergillus flavus imene imamera pa chimanga ndi mtedza wosauma bwino imatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin. Akafika m'chiwindi amakamamatira pa DNA. Mu 1991 ofufuza anayeza zotupa za chiwindi za odwala a kum'mwera kwa Africa, kuphatikizapo a ku Mozambique, ndi ena a ku Qidong ku China. Anapeza kuti mwa ambiri jini ya p53 inawonongeka pamalo amodzimodzi, pa nambala 249. Chilembo chimodzi chokha kusintha, mlonda n'kulumala. Munthu akakhalanso ndi kachilombo ka hepatitis B ngozi imakula kwambiri.

Sindikuti amene anadya ufa uja nyengo imodzi adwala, musagone ndi mantha. Choopsa ndi kudya pang'onopang'ono zaka zambiri. Kuphika sikupha poizoniyu. Ndipo chizolowezi chathu chimene chimandidandaulitsa ndi ichi: mtedza wabwino timagulitsa, wofota ndi wakuda uja timasinja nsinjiro n'kuthira m'phala la mwana. Tiziyanika pa lona kapena pamphasa osati padothi, tizisankha, wowolawo tizitaya ndithu.

Anesi, Nsanje:
Katemera wa hepatitis B ali m'gulu la akatemera a kusikelo kuyambira 2002. Amene mwana wake anamaliza sikelo, mbali imeneyo anatetezedwa.

Wodula nzimbe, Nchalo:
Nanga njovu za ku Majete, thupi lonse lija, maselo ake si ochuluka kuposa athu? Ndiye kuti zimadwala khansa kwambiri?

Wa ku koleji:
Funso limeneli linazunguza akatswiri zaka zambiri. Njovu ili ndi maselo ochuluka kutiposa kutalitali, imakhalanso zaka 60 kapena kuposa, koma sizifa ndi khansa kuposa ife. Mu 2015 ofufuza ku America anapeza kuti pamene munthu ali ndi jini imodzi ya p53, kutanthauza kope la kwa bambo ndi la kwa mayi, njovu ya ku Africa ili ndi pafupifupi 20. Atawononga DNA ya maselo a njovu ndi a munthu mofanana, a njovu ankafulumira kudzipha. Sizitaya nthawi ndi selo lokayikitsa.

Mai a mapasa, Bangula:
Ndawerenga zonse kawiri. Tsopano za katemera. Bambo a ana akuti anamva kumsika kuti amatseka chiberekero, atsikana sadzabereka. Akutinso ana a zaka 9 sadziwa za amuna, katemera wa chiyani.

Anesi, Nsanje:
Mantha awo ndi a kholo lokonda ana ake, musakangane nawo, muwafotokozere. M'katemeramu mulibe kachilombo kamoyo, mulibe E6, mulibe E7. Muli chikhungwa chakunja chokha, chopanda kanthu m'kati, kuti thupi lidziwe nkhope ya mdani. Safika pa mazira kapena pa chiberekero. Maiko ena anayamba kubaya mu 2006 ndi 2007, ndipo atsikana oyambirirawo pano ndi amayi a ana. Kuno kwathu katemerayu anayamba m'dziko lonse mu 2019. Amateteza ku mitundu 16 ndi 18 ya HPV, imene imayambitsa pafupifupi khansa 7 mwa 10 zilizonse za khomo la chiberekero. Amene anaipeza mitundu iwiriyi m'zotupa ndi Harald zur Hausen wa ku Germany, analandira mphoto ya Nobel mu 2008.

Za msinkhuzo, yankho lili m'zimene mwana wathu wafotokoza. Katemera amatseka kachilombo kasanalowe m'selo. Kakalowa n'kuyamba kupanga E6 ndi E7, katemera sangakatulutse. Ndiye timabaya mwana asanakumane nako. Mpanda timamanga mbewu zisanamere, ng'ombe zisanalowe.

Amalume a ku Makhanga:
Mai a mapasa, amuna anuwo ndimawadziwa, tinakhala limodzi kumsasa nthawi ya madzi. Ndiwaimbira mawa ndikachoka kudimba. Nkhani zina mwamuna amamva bwino kwa mwamuna mnzake. Zidzukulu zanga ziwiri zinabayitsa.

Mai a mapasa, Bangula:
Zikomo amalume. Funso lomaliza kwa mwana wathu wa ku koleji. Ngati alonda a akulu anga anafa kale, mankhwala adzagwira chiyani?

Wa ku koleji:
Sanafe m'thupi lonse amayi, ndi m'maselo a pachotupa pokha. Ndipo ngakhale mmenemo zikwanje zija, ma caspase, zikadalipo, chasowa ndi wozidzutsa. Ngati chotupa chikadali pakhomo pokha, madokotala amachotsa chiberekero n'kuchotsera limodzi maselo onsewo. Ngati chafalikira pafupi, amagwiritsa ntchito mankhwala monga cisplatin ndi kuwotcha ndi cheza. Zimenezi zimawononga DNA ya maselo a khansa kwambiri moti amalephera kugawikanso, ambiri n'kufa ngakhale p53 ali wochepa. Njira iti, adzanena ndi madokotala akaona kanyamako ndi pamene matenda afika. Mukafunse kuti ali pa siteji iti, ndipo akulembereni m'buku. Ngati magazi achepa m'thupi adzayamba awonjezera kaye. Inunso amayi, poti mukhala muli komweko, mukayezetse.

Mai a mapasa, Bangula:
Ine sindinayezetsepo chibadwire. Ndikayezetsa. Tsiku lathu ndi Lolemba m'mawa, ndiye tinyamuka Lamulungu. Kukwera mapiri a ku Thabwa pa minibasi akulu anga amachita chizungulire, ndiwapezera mpando wakutsogolo.

Aphunzitsi opuma, Chikwawa:
Mwana wanga wamkazi amakhala ku Chitawira, ku Queens ndi poyenda pansi. Ndamuimbira, akuti mukagone kwake Lamulungu, mphasa ndi bulangete zilipo. Nambala yake ndakutumizirani kumbali. Mukafika pa Kamuzu Bridge mumuimbire kuti akakuchingamireni.